Sukulu Yaulere Ili ndi Eni Ake: Ndalama za SIG ndi Udindo wa Makolo ku Balaka ndi Machinga



Abale ndi alongo olemekezeka, pa masamba ano tidazolowera kuwerenga zidule za makhutuba a Lachisanu, koma ulendo uno tapempha malo kuti tifotokoze nkhani imene imabuka kawirikawiri pakhonde la mzikiti swala ikatha, nkutha popanda woiyankha. Bambo wina amadandaula kuti mwana wake wa Sitandade 2 akuphunzirira pansi pa mtengo wa mango. Wina amati denga la kalasi lidasasuka ndi mphepo dzinja latha, ndipo malata ake ali chiunjikire kuseri kwa ofesi mpaka lero. Mapeto a madandaulo otere amakhala amodzi, akuti boma silikutiganizira. Mawuwa ali ndi choonadi chake ndipo sitikufuna kuwachepetsa. Koma tikafunsa kuti mwa odandaulawo ndi angati akudziwa kuchuluka kwa ndalama zimene zidalowa mu akaunti ya sukulu yawo chaka chatha, kapena amene adasaina kuti zituluke, pakhonde ponse pamangoti zii.

Kuti timvetse mmene tidafikira pamenepa, tibwerere ku 1994. M'chaka chimenecho boma la a Bakili Muluzi, mwana wa kwa Kapoloma m'boma la Machinga, lidathetsa fizi m'sukulu za pulayimale. Chiwerengero cha ana olembetsa chidakwera m'chaka chimodzi chokha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Amene tinali akuluakulu nthawi imeneyo tikukumbukira anyamata oyamba kumera ndevu atakhala pansi m'kalasi imodzi ndi ang'ono awo a zaka 6, ndiponso aphunzitsi zikwizikwi amene adalembedwa mwachangu ataphunzitsidwa ntchito masabata ochepa okha. Khomo limene lidatsekuka chaka chimenecho lidapulumutsa ana ambiri a m'midzi yathu, ndipo ena mwa iwo lero ndi anamwino ndi aphunzitsi. Komabe pamodzi ndi fizi padachokanso chinthu china chimene sitidachiwerengere. Anthu ambiri adamva mawu akuti zaulere ngati akutanthauza kuti sukulu tsopano ndi ya boma lokha, ndipo poti inalinso nyengo ya ufulu watsopano, ena adayamba kutchula ntchito youmba njerwa za sukulu kuti ndi thangata. Mfumu ikaitana anthu kukatuta mchenga, inkayankhidwa kuti zimenezo zidapita ndi chipani chimodzi.

Boma lenilenilo silidaganizepo zosenza katunduyu lokha. Pansi pa MASAF, imene idayamba pakati pa zaka za m'ma 1990, mudzi unkasankha wokha chitukuko chimene ukufuna, nkupereka njerwa, mchenga ndi miyala, ndipo thumbalo linkabweretsa simenti, malata ndi malipiro a mmisiri. Midadada yambiri ya makalasi imene timaiona m'midzi ya kwa Kalembo, kwa Nsamala, kwa Kawinga ndi kwa Liwonde idamangidwa m'njira yotere. Mu 1998, chaka chomwe Balaka adapatulidwa ku Machinga nkukhala boma palokha, dziko lidakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu, ndipo sukulu za pulayimale zidayamba kuikidwa m'manja mwa makhonsolo. Mu 2004 unduna wa zamaphunziro udatulutsa ndondomeko yofotokoza mbali ya anthu a m'mudzi pa kayendetsedwe ka sukulu za pulayimale. Mu 2006 padayamba thandizo lopita mwachindunji ku sukulu, lotchedwa DSS, lomwe linali lochepa ndithu, pafupifupi madola 200 a ku America pa sukulu iliyonse. Kenaka mu 2010 padabwera pulogalamu ya PSIP, imene idayambira m'maboma ochepa nkufalikira dziko lonse pofika 2013. Mu pulogalamu imeneyi ndi momwe muli ndalama zimene aphunzitsi ndi a komiti amangozitchula kuti SIG, ndipo ndi zimene tikufuna tizione bwino.

Ndalama za SIG sizimayenera kufika pa sukulu ngati mphatso yongogwa. Chimayamba ndi pulani ya chitukuko cha sukulu, yomwe amaitcha SIP. Pulaniyi siyenera kulembedwa ndi mphunzitsi wamkulu yekha mu ofesi mwake. Amayenera kukhala pansi pamodzi a komiti yoyendetsa sukulu, a PTA amene ndi bungwe la makolo ndi aphunzitsi, amayi a Mother Group, mafumu, ngakhalenso ana asukulu eniakewo, nkugwirizana kuti chaka chino mavuto oyamba kuthana nawo ndi ati. Pulani ikalembedwa imapita kwa a PEA, mlangizi amene amayang'anira sukulu za m'zoni kuchokera ku TDC, ndipo kuchoka apo imakafika ku ofesi ya zamaphunziro ya khonsolo. Ikavomerezedwa, ndalama zimaikidwa mu akaunti ya ku banki ya sukuluyo. Pozitulutsa sipasaina munthu mmodzi, ndipo pakati pa osainawo pamakhala anthu a m'mudzi ochokera mu komiti. Zikagwiritsidwa ntchito pamayenera kukhala malisiti, ndipo chiwerengero cha zimene zalowa ndi zimene zagulidwa chimayenera kumatidwa poonekera kuti aliyense wodutsa awerenge.

Malangizo amagawa ndalamazi m'magawo atatu. Gawo lina ndi lokweza maphunziro enieniwo, monga kugula choko, makope, mapepala ndi zipangizo zophunzitsira. Lina ndi loonetsetsa kuti ana onse akufika kusukulu ndi kukhalabe komweko, ndipo m'menemu ndi momwe mumalowa kukonza zimbudzi, kukhoma madesiki othyoka, ndi kuthandiza ana amasiye ndi ovutikitsitsa. Gawo laling'ono, limodzi mwa magawo khumi, ndi la kayendetsedwe ka sukulu. M'zaka zoyambirira sukulu ya ana osapitirira 1,000 inkalandira cha m'ma K600,000 pa chaka, ndipo ya ana ochulukirapo inkawonjezeredwa pang'ono pa mwana aliyense wopitirira chiwerengero chimenecho. Gawani nokha ndalamayo ndi ana 1,000 ndipo mupeza K600 pa mwana pa chaka chathunthu. Choncho munthu asayembekezere kuti SIG ingamange mdadada wa makalasi kapena nyumba ya mphunzitsi. Mphamvu yake idachepanso pamene kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pakuti thumba la simenti silidikira kuti bajeti ya unduna ilipeze. Aphunzitsi akuluakulu akhalanso akudandaula kwa zaka zambiri kuti ndalamazi zimafika mochedwa, nthawi zina teremu itapita kale, kotero kuti choko amayamba atenga pa ngongole ku golosale.

Ndalama yochepa ndi imene imafuna maso ambiri, chifukwa ikasowa ngakhale theka lake palibe chimatsala. Apa ndi pamene pali kufooka kwathu. Taonapo sukulu zimene komiti yake idasankhidwa kalekale ndipo palibe akukumbukira tsiku la chisankho china. Taonapo wapampando wokalamba, munthu wabwino ndi woopa Mulungu, amene amangoitanidwa kukasaina pepala lomwe sangathe kuliwerenga, nkubwerera kunyumba atapatsidwa ya kabaza. Sitikunena kuti aphunzitsi akuluakulu ndi akuba, ayi. Ambiri a iwo akugwira ntchito yolemetsa, ena akuyendetsa sukulu zimene kalasi imodzi ya Sitandade 1 ili ndi ana oposa 100 pomwe mlingo wa boma ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi. Koma munthu wokhulupirika amatetezedwa ndi mboni, ndipo mphunzitsi wamkulu amene ali ndi komiti yodziwa kuwerenga malisiti sagona ndi nkhawa ya miseche. Kusaina pa ndalama za ana a anthu ndi amana, ndipo amene walandira amana sayenera kuchita manyazi kufunsa kuti madesiki 20 olembedwa pa lisitiwo ali m'kalasi iti.

Tsono tidzifunse, chifukwa chiyani ife Asilamu timaoneka ochepa pa misonkhano ya sukulu, ngakhale m'madera amene ana athu ndiwo adadzaza makalasi? Kalembera wa 2018 adapeza anthu 438,379 m'boma la Balaka ndi 735,438 m'boma la Machinga, ndipo Asilamu ndi pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse ku Balaka, ndi awiri mwa atatu ku Machinga. Yankho lina lili m'mbiri. M'nthawi ya atsamunda pafupifupi sukulu zonse zinali za mamishoni, ndipo boma lidadzakhazikitsa nthambi yake ya zamaphunziro mochedwa, mu 1926. Agogo athu ankaona kuti mwana wolowa sukulu ya mishoni amatuluka ndi dzina lina ndi chipembedzo china, ndipo ambiri adasankha kusunga ana awo ku madrasa kokha. Sitingawaweruze, pakuti adateteza chimene ankachiona kuti ndi chamtengo wapatali koposa. Koma mtengo wa chisankho chimenecho taulipira kwa mibadwo ingapo, ndipo chizolowezi choona sukulu ngati bwalo la eni ake chidatsalira m'mitima ya ambiri ngakhale zinthu zidasintha.

Zimene zidasintha ndi izi. Sukulu zambiri za pulayimale m'maboma athu zili pa malo a mipingo ndipo zimatchedwa ndi mayina a mipingo, koma aphunzitsi ake amalipidwa ndi boma, silabasi yake ndi ya boma, ndipo SIG imafikako monga imafikira ku sukulu ina iliyonse. Mpingo monga mwini malo uli ndi ulemu wake ndi mawu ake pa kayendetsedwe ka sukuluyo, ndipo zimenezo tiyenera kuzilemekeza. Koma kholo lililonse limene mwana wake adalembedwa m'kaundula lili ndi ufulu wofika pa msonkhano wa PTA, kulankhula, kuvota ndi kusankhidwa. Lamulo la zamaphunziro la 2013 lidanenanso poyera kuti maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere ndiponso okakamiza, ndipo silidapatule mwana wa chipembedzo chilichonse.

Tonse tikukumbukira zimene zidachitika kwa M'manga m'boma la Balaka mu Novembala 2019. Mkangano wa atsikana ovala hijabu pa sukulu ya mpingo wa Anglican udakula mpaka anthu adagendana, ena adavulala, nyumba zopembedzeramo za mbali zonse ziwiri zidaonongeka ndipo maphunziro adaima. Mu Okutobala 2020 nkhani yofanana idabuka ku Mpiri m'boma la Machinga, kumene ofesi ya mphunzitsi wamkulu idatenthedwa. Amene adataya kwambiri pa zonsezi ndi ana, a hijabu ndi opanda hijabu omwe, chifukwa mayeso a MANEB sasuntha tsiku poti sukulu yanu inali yotseka. Nkhaniyi idadzatha pokambirana. Bungwe la Public Affairs Committee lidasonkhanitsa atsogoleri a mbali zonse, ndipo mu Juni 2021 adasainirana mgwirizano wolola mtsikana wa Chisilamu kuvala hijabu ya mtundu wogwirizana ndi yunifolomu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Maganizo athu ndi akuti ufulu wa mwana wamkazi kuvala mwaulemu monga chipembedzo chake chimafunira unali woyenera kuumenyera, koma mwala ndi moto sizidawonjezere kanthu pa zimene zidadzapezeka pa tebulo. Ndipo tebulo loyamba, limene likadatha kuzimitsa moto usadayake, linali la komiti ya sukulu. Kholo limene lakhala zaka zitatu likututa mchenga limodzi ndi akulu a mpingo, nkuwerengera nawo limodzi malisiti a SIG, limamvedwa mosiyana ndi limene laonekera koyamba pa geti tsiku la mkangano.

Pali chifukwa china chimene tailembera nkhaniyi tsopano. Kwa zaka zambiri, ngakhale fizi idathetsedwa, sukulu zinkatolera kwa makolo ndalama zotchedwa za chitukuko, zolipirira mlonda, madzi, mayeso a pa teremu kapena mphunzitsi wothandizira, ndipo ana ena ankabwezedwa kunyumba chifukwa cha zimenezi ngakhale unduna unkaletsa kubweza mwana. Kusekondale, boma lidachotsa mbali ina ya fizi mu 2018. Kumapeto kwa 2025 boma la a Peter Mutharika lidalengeza kuti kuyambira Januwale 2026 maphunziro a sekondale m'sukulu za boma akhale aulere, ndipo ndalama za chitukuko ndi za mayeso zichotsedwe. Kwa mayi wamasiye wa ku Ulongwe kapena ku Nayuchi uwu ndi mpumulo weniweni. Nkhawa yathu ndi yakuti tingabwereze kulakwa kwa 1994, kumva kuti zaulere nkupinda manja. Pamene kholo silikuperekanso kanthu m'manja mwa sukulu, sukuluyo imadalira kotheratu ndalama zochokera ku boma, ndipo funso lakuti zafika liti, zingati, zagula chiyani, limakhala lofunika kuposa kale. Akale adati fumbi ndiwe mwini.

Ndipo pali zambiri zimene ndalama ya boma singachite ngakhale itachuluka. SIG singapite kudooko la nyanja ya Malombe, ya Chiuta kapena ya Chilwa kukatenga mnyamata wa Sitandade 5 amene waona kuti kukoka khoka kumabweretsa ndalama lero lomwe. Singamuuze mnyamata wa Fomu 1 kuti ulendo wa ku Joni udikire kaye apeze satifiketi. Ntchito imeneyi ndi ya atsibweni, ya mafumu ndi ya mashehe. Amayi a Mother Group akhala akuyenda khomo ndi khomo kubweza kusukulu atsikana amene adasiya chifukwa cha mimba, ndipo ali ndi lamulo kumbuyo kwawo, pakuti ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu atabereka ilipo kuyambira 1993, ndipo lamulo la maukwati la 2015 pamodzi ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zidaika zaka 18 kukhala msinkhu woyambira banja. Shehe amene wapemphedwa kumanga nikaha ali ndi mpata umene mphunzitsi alibe, wofunsa zaka za mkwatibwi ukwati usadamangidwe. Chimodzimodzinso jando ndi nsondo. Palibe akunena kuti miyambo ithe, koma angaliba, anankungwi ndi mafumu angathe kugwirizana kuti ana atuluke kusimba sukulu zisadatsekulidwe, monga mafumu ena achitira kale kudzera m'malamulo a m'madera awo. Mwana amene waphonya masabata atatu oyamba a teremu amakhala akuthamangira anzake chaka chonse. Ndipo amwalimu a madrasa, amene amaona ana omwewo masana aliwonse, amadziwa msanga kuposa wina aliyense mwana amene sadapite kusukulu m'mawa.

Kumene kuli phala la kusukulu, kaya la Mary's Meals, bungwe limene lidayamba ntchito yake m'Malawi mu 2002, kaya la mabungwe ena, ufa umabwera ndi galimoto koma nkhuni, madzi ndi manja ophika zimachokera m'mudzi. Amayi amene amalawira mbandakucha kukasonkha moto salipidwa, ndipo kawirikawiri amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka pomwe ena a ife ana athu amangotenga kapu nkupita. Tinene mosabisa kuti abambo pa ntchito imeneyi sitioneka, ngakhale kungothandiza kuwaza nkhuni.

Pa zomangamanga zinthu zasinthako, ndipo ndi bwino tidziwe tisadaotche uvuni pachabe. Mu 2018 boma lidakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma pofuna kuteteza mitengo, ndipo amene waona mmene mapiri a ku Machinga ayerera sangatsutse. Makalasi atsopano akumangidwa ndi mabuloko a simenti, kotero mbali ya mudzi tsopano ndi malo, mchenga, miyala, madzi ndi kulondera zipangizo. Machinga anali mmodzi mwa maboma asanu ndi atatu amene adapindula ndi pulogalamu ya MESIP kuyambira 2016, ndipo pulogalamu ya MERP imene idatsatira mu 2021 ndi thandizo la World Bank idakonza zomanga makalasi oposa 10,000 m'dziko lonse, modalira makomiti a sukulu pa kuyang'anira ntchito. Palinso thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF, limene lidayamba mu 2006. Pempho la mdadada wa makalasi kapena nyumba ya mphunzitsi limayenera kuyambira ku VDC, kupita ku ADC, nkukafika ku khonsolo, ndipo mudzi umene sutumiza anthu ake ku misonkhano imeneyi usadabwe pamene chitukuko chikulumpha nkukatera kutsidya kwa mtsinje. Namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 adatikumbutsanso kuti sukulu ndiyo nyumba imene mudzi wonse umathawirako madzi akasefukira, ndipo anthu akabwerera kwawo amasiya zimbudzi zodzaza ndi madesiki othyoka zomwe wina ayenera kuzikonza.

Tikudziwa kuti ena adzati, ife sitidapite patali ndi sukulu, tikakhala bwanji mu komiti? Koma m'mzikiti uliwonse muli munthu amene amasunga kaundula wa zopereka za Lachisanu mosaphonya tambala, muli wamalonda amene amadziwa mtengo wa lata ku Balaka ndi ku Liwonde osayang'ana m'buku, muli achinyamata a MSCE amene akukhala pakhomo, ena mwa iwo ophunzitsidwa ndi thandizo la Islamic Zakaat Fund. Anthu otere ndiwo oyenera kuwatchula mayina tsiku la chisankho cha komiti, ndipo amayi asasiyidwe m'mbuyo pa mipando imeneyi, pakuti ndiwo amadziwa chifukwa chimene mtsikana wa Sitandade 7 amajombera masiku anayi mwezi uliwonse pa sukulu yopanda chipinda chosinthira.

Pempho lathu kwa maimamu ndi makomiti a mizikiti ndi laling'ono. Kalata yoitanira makolo ku msonkhano wa sukulu imapatsidwa kwa mwana, ndipo nthawi zambiri imathera m'thumba la kabudula nkuchapidwa nayo. Mphunzitsi wamkulu atapemphedwa mwaulemu sangakane kutumiza kalata ina ku mzikiti kuti iwerengedwe pa zolengeza za pambuyo pa Jumu'ah, monga imawerengedwera m'matchalitchi Lamulungu, ndiponso sangakane kupewa kuika msonkhano Lachisanu masana. Tikafika pa msonkhanowo, Insha Allah, tipemphe kuona pulani ya chaka chino, tifunse tsiku limene SIG idalowa mu akaunti ndi kuchuluka kwake, ndipo ngati pakhoma la ofesi palibe pepala la mmene ndalama zayendera, tifunse wapampando wa komiti kuti limatidwa liti.